Sewero la magawo awiri: kodi tingaonere gawo limodzi lokha n'kubwerako?

Mayi wina wa ku Leicester, mzinda wa ku England, walemba motere: "Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Mwana wanga wamkazi akwanitsa zaka 12 mwezi wamawa. Anawerenga mabuku onse a Harry Potter ndipo wakhala akundichonderera kuti ndipite naye ku London akaonere Harry Potter and the Cursed Child. Nditayang'ana pa intaneti ndapeza kuti seweroli lili ndi magawo awiri, lililonse ndi tikiti yake. Ndiye kuti awirife tikufunika matikiti 4, kuphatikizapo sitima ndi chakudya. Ndalama zavuta, komanso kukhala pampando tsiku lonse kukundiopsa poti ndimakhala wotopa. Mnzanga wa kuntchito ali ndi matikiti awiri a gawo lachiwiri lokha, akufuna andigulitse motchipa. Nditenge amenewo? Kapena tigule a gawo loyamba lokha n'kubwerako? Ine mabukuwo sindinawerengepo."

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Funso limeneli ndalimva kwa makolo ambiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa zisudzo ndi kuperekeza achinyamata kokaonera masewero, ndipo ambiri amalifunsa monong'ona ngati kuti kuwerengera ndalama za mwana n'kum'mana. Simukum'mana. Ku Palace Theatre, komwe seweroli limachitikira, tikiti ya gawo lililonse imagulika payokha, ndipo pakhomo palibe amene adzakufunseni ngati gawo linalo munaliona. Chimene tiyenera kuunika ndi chakuti theka la seweroli lingakubwezereni chiyani pa ndalama zanu, nanga mwanayo adzatuluka m'holomo ali ndi mtima wotani.

Ndiyambe ndi mnzanuyo poti mwina akudikira yankho. Matikiti a gawo lachiwiri, ngati ndi okhawo omwe mudzakhale nawo, musawatenge ngakhale atatchipa bwanji. Koma musawakanenso lero. Funsani kaye tsiku lomwe lalembedwapo, chifukwa angathe kukupulumutsirani ndalama zambiri. Ndibwereranso pamenepa.

Masewero a magawo angapo sabadwa mofanana. Ena mlembi amalemba sewero lathunthu, loima palokha, kenako n'kudzalemba lina lopitiriza. Henry IV ya Shakespeare ndi yotero: gawo loyamba limathera pa nkhondo ya ku Shrewsbury, mwana wa mfumu atadzionetsa kuti ndi mwamuna, ndipo magulu a zisudzo akhala akulichita lokha kwa zaka mazanamazana popanda wodandaula. Angels in America ya Tony Kushner nayo inafika kwa anthu pang'onopang'ono. Ku National Theatre ku London gawo loyamba linayamba kuonetsedwa mu Januwale 1992, lachiwiri linadzafika mu Novembala 1993, ndipo Pulitzer ya 1993, mphotho yaikulu ya olemba ku America, inapita kwa gawo loyambalo lokha. Anthu ankaonera, n'kupita kwawo, n'kudikira kupitirira chaka. Alan Ayckbourn anachita zina mu 1973 ndi The Norman Conquests: masewero atatu, anthu 6 omwewo, masiku omwewo a kumapeto kwa sabata, koma lina likuchitikira m'chipinda chodyera, lina pabalaza, lina panja pa kapinga. Amenewo mutha kuyamba ndi lililonse, kapena kuonera limodzi n'kukhutira.

Palinso masewero omwe ndi nkhani imodzi yaitali, yodulidwa pakati chifukwa msana wa munthu ndi mimba yake zili ndi malire. Nicholas Nickleby yomwe Royal Shakespeare Company inachita mu 1980 inkatenga maola 8 ndi theka, ndipo panalibe mochitira koma kuigawa. Sewero lomwe mwana wanu akufunali lili m'gulu limeneli. Jack Thorne analilemba ngati chinthu chimodzi, kuchokera pa nkhani yomwe anakonza limodzi ndi J.K. Rowling, mlembi wa mabuku a Harry Potter, ndi John Tiffany, wotsogolera seweroli, ndipo magawo onse awiri anatsegulidwa tsiku limodzi, pa 30 Julaye 2016. Mukatsegula buku la seweroli muona kuti lili ndi zigawo zing'onozing'ono zinayi: choyamba ndi chachiwiri zili m'gawo loyamba, ndipo gawo lachiwiri limayamba ndi chachitatu. Manambala sayambiranso pa 1. Umboni wina ndi wakuti ku New York, atatsegulanso mabwalo a zisudzo kumapeto kwa 2021 mliri wa Covid-19 utachepa, analifupikitsa kukhala sewero limodzi la maola pafupifupi atatu ndi theka. Masewero awiri osiyana simungawaphatikize chonchi. Ndiye ngati mtsogolo mudzakumana ndi sewero lina la magawo, zizindikiro ndi zomwezi: onani ngati gawo lililonse lili ndi dzina lakelake, ngati anatuluka nthawi zosiyana, komanso ngati manambala a zigawo akupitirira kapena akuyambiranso.

Ife amene tinakula ndi masewero a pa wailesi a sabata ndi sabata tinazolowera kulowa nkhani pakati. Olemba ake ankadziwa kuti wina mabatire anam'thera sabata yatha, choncho ankaikamo munthu wofotokozera mnzake zomwe zinachitika, ndipo pakatha mphindi zochepa wophonyayo ankakhala atagwira mutu wa nkhani. Seweroli chifundo chimenecho lilibe. Olemba ake anaganizira munthu amene waonera gawo loyamba masana omwewo, kapena dzulo lake. Gawo lachiwiri likamayamba, zinthu zimakhala zitatembenuka kale chifukwa cha zomwe anyamata awiri anachita m'gawo loyamba, ndipo palibe amene amaima kuti akuuzeni kuti zatembenuka bwanji. Mwana wanu, ngakhale amadziwa mabuku onse, adzatha nthawi yaitali akufunafuna kuti mnyamata uyu ndani, nanga n'chifukwa chiyani dziko lomwe amalidziwa lasanduka chonchi. Inu amene simunawerenge mudzangoona anthu ovala mikanjo akuthamanga. Ndalama zimenezo zidzakhala zotayika.

Gawo loyamba lokha ndi nkhani ina, ndipo pano ndichedwepo chifukwa yankho lake si lapafupi. Kunena zoona, gawo loyamba lili ndi zambiri zokondweretsa maso. Nkhani imayambira pa siteshoni ya King's Cross, patapita zaka 19 kuchokera pa nkhondo ya m'buku lomaliza, Harry ali bambo wa ana atatu ndipo akuperekeza Albus, mwana wake wachiwiri, kusukulu ya zamatsenga ya Hogwarts. Kuyambira pamenepo luso la pansanja limabwera motsatizana: zovala kusintha munthu akungozungulira, munthu kusanduka mnzake inu mukuona, masitepe oyenda okha, nsanja yonse kuoneka ngati ikugwedezeka nthawi ikamabwerera m'mbuyo. Si pachabe kuti mu 2017 seweroli linatenga mphotho 9 za Olivier (mphotho zazikulu za zisudzo za ku London), zomwe panthawiyo palibe sewero lina linali litafikapo. Munthu wamkulu wokonda kuona mmene zinthu zimapangidwira pansanja, amene ali ndi madzulo amodzi okha mu London, ndingamuuze kuti apite ku gawo loyamba ndipo sadzadandaula.

Koma inu simukupita nokha, ndipo si luso lokha lomwe mwana wanu adzatenge. Pansi pa matsenga onsewo, seweroli ndi nkhani ya bambo ndi mwana wake amene sakumvana. Albus akulemedwa ndi dzina la bambo ake, kusukulu zinthu sizikumuyendera, mnzake wapamtima ndi Scorpius, mwana wa mdani wakale wa bambo akewo. M'gawo loyamba muli malo pomwe Harry, atapsa mtima, amalankhula kwa mwana wake mawu omwe kholo siliyenera kulankhula, ndipo holo yonse imakhala zii. Bala limenelo gawo loyamba silichiza. Limangolikulitsa, kenako n'kuthera pamene zinthu zafika poipitsitsa, mumdima, mochititsa mantha ndithu. Zonse zimene mwana wa zaka 12 akufunika kuona, zoti kholo lingalakwe n'kubwerera kwa mwana wake, zoti mwana angathe kumvetsa mantha a kholo lake, zili m'gawo lachiwiri. Ndaonapo ana a msinkhu umenewu akutuluka gawo loyamba litatha, maso ali gwa, akukoka dzanja la mayi awo kufunsa kuti tibwereranso nthawi yanji. Kumuyankha mwana wotero kuti tikupita ku sitima n'kovuta, makamaka tsikulo likakhala la kubadwa kwake. Ichi n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muyesetse kaye njira zonse zoonera magawo onse awiri musanagonje.

Njira yoyamba ndi ya mnzanu uja. Masiku ambiri seweroli amalichita lonse tsiku limodzi, gawo loyamba masana, lachiwiri madzulo. Ngati matikiti akewo ndi a madzulo a tsiku lotero, yang'anani ngati pali malo a gawo loyamba masana a tsiku lomwelo. Mipando siyenera kukhala yomweyo. Mukapeza, ndiye kuti mwagula matikiti awiri okha pa mtengo wake, enawo mwawapeza motchipa, ndipo sitima mwakwera kamodzi. Chenjerani chinthu chimodzi: matikiti ambiri masiku ano amabwera pa foni kapena pa imelo, ali m'dzina la wogula, ndipo mabwalo a zisudzo ali ndi malamulo pa zogulitsana matikiti. Mnzanuyo akutumizireni uthenga wonse womwe analandira pogula, ndipo muimbire ku ofesi yogulitsa matikiti ya bwalolo kufunsa ngati munthu wina angalowere matikitiwo. Ndalama mupereke mutamva yankho. Za anthu osawadziwa ogulitsa matikiti pa Facebook, zisiyeni.

Njira yachiwiri ndiyo kutsika pa mtengo wa mpando. Ndimauza makolo nthawi zonse kuti mipando yotchipa ya magawo onse awiri iposa mpando wabwino wa gawo limodzi. Palace Theatre ili ndi mipando pafupifupi 1,400 m'magulu anayi, kuyambira pansi mpaka pamwamba penipeni pomwe amati Balcony, ndipo mtengo umatsika mukamakwera. Pamwambapo m'patali, masitepe ndi ambiri ndipo ndi otsetsereka, miyendo imapanikizika, ndipo mipando ina imabisa mbali ya nsanja. Ngati muli ndi vuto la mawondo kapena mumachita chizungulire pamalo okwera, funsani musanagule. Koma mawu amamveka, nkhani imatsatika, ndipo mwana wa zaka 12 sadandaula za miyendo. Palinso dongosolo lomwe anayambitsa seweroli litangotsegulidwa, lotchedwa Friday Forty: Lachisanu lililonse amatulutsa matikiti 40 a chionetsero chilichonse cha sabata yotsatira pa mtengo wotsika kwambiri, umene poyambapo unali mapaundi 20 pa gawo. Ndi zamwayi, ndipo kwa munthu wa mashifiti n'zovuta chifukwa mumadziwa mochedwa. Komabe ngati mukudziwiratu sabata yomwe muli pa tchuthi, kuyesa sikulipiritsa. Pa sitima, khadi ya Family & Friends Railcard imachotsa gawo limodzi mwa atatu pa mtengo wa wamkulu ndi 60 peresenti pa wa mwana, ndipo kugula tikiti masabata angapo tsiku lisanafike kumatsitsanso mtengo.

Mungathenso kugawa: gawo loyamba mwezi uno, lachiwiri mwezi wamawa mutalandira. Kuchokera ku Leicester zimenezi zikutanthauza sitima kawiri, choncho pamapeto pake mudzalipira zambiri, kungoti mtolowo mwausenza pawiri. Mwana amadikira bwinobwino akadziwa tsiku. Chomwe chimam'pweteka ndi lonjezo lopanda tsiku. Mukasankha njira imeneyi, tikiti ya gawo lachiwiri ikhale itagulidwa kale, kapena tsiku lake likhale litalembedwa pa kalendala ya pakhomo, musanapite koyamba.

Za kutopa kwanu sindikuzipeputsa. Ntchito yosamalira okalamba imadya thupi, ndipo holo yamdima yofunda imagonetsa ngakhale munthu amene wagona bwino. Gawo lililonse limatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 40, koma mkati mwake muli mphindi 20 zopuma, ndipo pakati pa magawo awiriwo pali maola oposa awiri. Ndiye kuti simukhala pampando tsiku lonse mosadukiza. Mumakhala kanayi, nthawi iliyonse ola limodzi ndi mphindi zochepa. Chachikulu n'chakuti musachokere ku shifiti ya usiku n'kulunjika ku siteshoni. Pemphani kuti usiku wa dzulo lake mukhale pakhomo, ngakhale zitatanthauza kusinthana ndi mnzanu. Pa nthawi ya pakatiyo tulukani, yendani, idyani. Chinatown ili pafupi kwambiri, kuyenda mphindi zochepa, ndipo ngati thumba silikulola, chakudya chonyamula kunyumba mutha kudyera pa Soho Square kunja kukakhala kuli bwino. Lamlungu magawo onse amayamba msanga kuposa masiku ena, zomwe zimathandiza wobwerera kutali, koma Lamlungu ndi tsikunso lomwe amakonda kukonza njanji, choncho onetsetsani sitima yobwerera ku Leicester musanagule matikiti a sewero. Mukatsikira pa siteshoni ya St Pancras ku London, King's Cross ili kungodumpha msewu, ndipo pakhoma lina pali ngolo ya katundu yolowera m'khoma pa chikwangwani cha pulatifomu 9¾, pomwe m'mabukumo ana amakwerera sitima ya ku Hogwarts. Kuiona n'kwaulere, ngakhale mzere wojambulitsa umatalika. Poti seweroli limayambira pamalo omwewo, kwa mwanayo ndi chiyambi chabwino cha tsiku.

Poti mabuku simunawerenge, mpatseni mwanayo ntchito m'sitima. Akufotokozereni buku lachinayi, makamaka za mpikisano wa masukulu atatu ndi imfa ya mnyamata wotchedwa Cedric Diggory, chifukwa seweroli lonse lazungulira pa imfa imeneyo. Akuuzeninso za kachipangizo kobweza nthawi m'mbuyo ka m'buku lachitatu. Ola limodzi ndi lokwanira, ndipo ana amasangalala kwambiri akakhala kuti iwo ndiwo akuphunzitsa kholo. Ndikudziwanso kuti ena a ife timakayika ndi nkhani za matsenga chifukwa cha chikhulupiriro chathu. Chisankho chimenecho ndi cha pakhomo panu ndipo ndimachilemekeza. Chomwe ndingakuuzeni monga munthu wa ntchitoyi n'chakuti zomwe mudzaone pansanja ndi zingwe, magetsi, zitseko zobisika ndi anthu amene anayeserera miyezi yambiri. Pali china chomwe mwana wanu angachione ndi maso ena: pamene seweroli linkatsegulidwa, amene anasewera ngati Hermione, mnzake wa Harry, anali Noma Dumezweni, mayi wakuda wobadwira ku Swaziland, komwe tsopano ndi Eswatini, kwa makolo a ku South Africa, ndipo anapata mphotho ya Olivier pa ntchitoyo. Osewera asintha kangapo kuchokera pamenepo, koma ku London mbali imeneyo yapitirira kuseweredwa ndi amayi akuda. Kwa mtsikana wathu amene wakulira m'mabuku amenewa, kuona munthu wanzeru kuposa onse m'nkhaniyo akufanana naye si chinthu chaching'ono.

Tsono tinene kuti mwayesa zonsezi ndipo ndalama zikukwanira gawo limodzi basi. Pitani ku gawo loyamba, ndipo muchite zinthu ziwiri. Choyamba, mumuuze mwanayo musanagule. Wa zaka 12 ndi wamkulu mokwanira kumva kuti ndalama zilipo ndi izi, tingathe kuonera theka pano kapena kudikira miyezi ingapo kuti tidzaonere lonse, iwe ukufuna chiti. Ambiri amasankha kudikira, ndipo amene wasankha theka yekha salira nalo. Chachiwiri, kabwerekeni buku la seweroli ku laibulale ya kwanuko. Linasindikizidwa pa 31 Julaye 2016 ndipo silivuta kupeza. Mukabwerako ku London, werengani zigawo ziwiri zotsalazo mokweza pakhomo, inu mutenge mawu a Harry, iye a Albus, ngati ali ndi wamng'ono wake, atenge ena. Nkhope ndi mawu a osewera zidzakhala zikadali m'mutu mwake, ndipo bala lija la bambo ndi mwana mudzalitsekera limodzi. M'funseninso ngati bukulo analiwerenga kale, poti ana ambiri okonda mabuku amenewa anatero. Ngati analiwerenga, gawo loyamba lokha silim'siya m'malere kwenikweni chifukwa mathero akuwadziwa, ndipo nkhawa yanga yaikulu yachepa.

Musanalipire chilichonse, lankhulani ndi a ku bwalolo, pa foni kapena kudzera pa tsamba lawo lenileni la pa intaneti. Afunseni nthawi zoyambira za tsiku lanu, ndiponso ngati pa tsikulo akuonetsa la magawo awiri, chifukwa ku New York, ku Melbourne ndi ku Hamburg anasintha kale n'kupita ku sewero limodzi lalifupi, ndipo eni seweroli amasintha dongosolo nthawi ndi nthawi. Afunseni ngati amalola kusintha tsiku shifiti yanu ikasokonekera, ndi ndalama zomwe amadula pakusinthapo. Ngati mwana wanu amaopa kwambiri mdima kapena phokoso ladzidzidzi, ngati amadwala khunyu kapena magetsi othwanima amam'vuta, auzeni zimenezo mosabisa ndipo afunseni za mathero a gawo loyamba. Ali ndi anthu omwe ntchito yawo ndi yothandiza oonerera otero, ndipo angakupatseni mpando wa kumphepete woti mutuluke msanga. Za khunyuzo mufunsenso dokotala wa mwanayo musanagule.